Kholo Lolera Lokha Likusowa Manja

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anapeza kuti mwa makomo khumi alionse m'Malawi, atatu mutu wake ndi mayi. Ambiri mwa amayiwa akulera ana okha, ndipo uphungu umene amaumva kawirikawiri ndi woti azilawirira kudzuka, azigawa bwino nthawi. Uphunguwu ndi wa anthu okhuta. Mayi wa ku Ndirande kapena Mtandire wogwira ntchito m'tauni amadzuka kale tambala asanalire. Lamulo la ntchito la 2000 limalola bwana kumugwiritsa ntchito maola 48 pa sabata. Onjezanipo ulendo wa minibasi, mzere wa pakiyosiki ya madzi, kukoleza makala pambaula ndi kuchapa mayunifomu pamanja. Luso ali nalo, chimene chikumusowa ndi manja ena.

Manja oyamba ali m'nyumba momwemo, koma theka lake timalimanga tokha. Mnyamata wa sitandade 6 angathe kutsuka mbale, kusesa ndi kuthyakula nsima monga mlongo wake. Chomulepheretsa ndi mawu akuti kukhitchini n'kwa akazi. Ena angati kumeneko ndi kugwiritsa ana ntchito. Ayi. Lamulo lomwelo limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, koma silikhudza ntchito za pakhomo pake. Malire enieni ndi sukulu. Mtsikana woyamba kubadwa akayamba kujomba kuti abereke mng'ono wake kumsana, ndiye kuti katundu sanagawidwe, wangotulidwa pamutu wa wofooka.

Nanga achibale? Kumudzi, makamaka kumene mwamuna amakalowa chikamwini, banja likatha mayi amatsala pakati pa abale ake, agogo ali khomo loyandikana. M'tauni, m'nyumba yalendi ya chipinda chimodzi, mulibe zimenezo. Njira imene ambiri amathamangira ndi kuitanitsa kamtsikana kumudzi kuti “kadzathandize”, ndi lonjezo la sukulu limene nthawi zambiri limathera pamphika. Apanso vuto langosamukira kwa mwana wa eni.

Manja amene timachita manyazi kuwatchula ndi a kholo limene linachoka. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati bambo ndi mayi onse ali ndi udindo wosamalira mwana, kaya ukwati ulipo kaya unatha, ndipo khoti likhoza kulamula wothawa udindo kuti azipereka chithandizo. Alipo amene amati kupita kukhoti ndi kudzichotsa ulemu, kapena kuti ndalama sizisambitsa mwana. Zoona, sizimusambitsa. Koma zimalipira fizi ya kumkombaphala kuti wamng'ono akhale m'manja abwino mpaka masana, zimalipira wochapa wa Loweruka, zimagula madzi kwa wotunga kuti mayi asaime pamzere mbandakucha.