Bwalo Ndi Lathu, Ndege Ndi za Ena

Munthu wa kuno ku Ndola akafuna kukaoda katundu ku Guangzhou kapena kukaonana ndi madokotala ku India, masiku ano sayamba wavutika ndi basi ya ku Lusaka. Amanyamukira pa bwalo la ndege la Simon Mwansa Kapwepwe, limene linatsegulidwa mu 2021 kumadzulo kwa mzinda. Amakwera Ethiopian Airlines mpaka Addis Ababa, kapena Kenya Airways mpaka Nairobi, n'kukasinthira kumeneko. Bwaloli ndi lathu, ndipo ndalama zomangira, madola pafupifupi 397 miliyoni, zambiri zinali ngongole imene tidzabweze ndife. Koma ndege zotifikitsa kutsidya kwa nyanja zonse ndi za ena.

Ife amene tinakula nthawi ya Kenneth Kaunda tikukumbukira kuti kale sizinali choncho. Kampani ya Zambia Airways inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo mu 1967 inaima payokha mothandizidwa ndi Alitalia ya ku Italy. Mu 1975 ntchito yoiyang'anira inapita kwa Aer Lingus ya ku Ireland. Pofika 1984 inagula chindege cha DC-10 chimene anachitcha Nkwazi, dzina la mbalame ya pambendera yathu. Ndege zathu zinkatera ku London, Frankfurt, Rome ndi Bombay, ndipo mu 1988 Nkwazi inayamba ulendo wa ku New York kudzera ku Monrovia. Kuno ku Kanini, mwana wa pakhomo lina akalembedwa ntchito ku Zambia Airways, msewu wonse unkadziwa, ndipo makolo ake ankayenda modzimva.

Mu Disembala 1994 kampaniyi inatsekedwa. Chinaigwetsa si chinthu chimodzi. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira m'ma 1975, ndipo kwacha inkangofookerafookera. Kampani ya ndege imalipira pafupifupi chilichonse m'madola: mafuta, zitsulo zokonzera, inshuwalansi, lendi ya ndege, ngakhale malo oterapo kunja. Matikiti ambiri ogulidwa kuno ankalipiridwa m'makwacha. Antchito anali ochuluka kuposa ntchito, ndipo maulendo ena ankayendedwa chifukwa cha ulemu wa dziko ngakhale mipando ili yopanda anthu. Boma la Frederick Chiluba, lomwe linali pa ndondomeko yokonzanso chuma ya IMF ndi World Bank, linakana kupitiriza kuthiramo ndalama. Oyendetsa ndege ndi mainjiniya ambiri, amene dziko linawaphunzitsa pa mtengo waukulu, anakapeza ntchito kumayiko ena.

Njira za mumlengalenga sizikhala zopanda mwini. Makampani akunja anadzaza malowo, ndipo kunena chilungamo anatithandiza. Koma makolo athu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, n'kunenanso kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. British Airways, itatumikira Lusaka kwa zaka zambirimbiri, inasiya ulendo wa ku London mu Okutobala 2013. KLM inabwera mu 2012 n'kuchokanso mu 2014. Sanatilakwire, anawerengera ndalama n'kuona kuti ndege zawo zikapindula kwina. Emirates inabwera mu 2012, Qatar Airways mu 2021, ndipo nazonso zidzakhala pokhapokha phindu lilipo. Kampani ina ya kuno ya Zambian Airways, imene inayesa kutseka mpata wosiyidwa ndi Zambia Airways, inaima mu Januwale 2009.

Ndiye mu 2018 boma, kudzera m'bungwe la Industrial Development Corporation, linagwirizana ndi Ethiopian Airlines kuti dzina la Zambia Airways liuke. Boma linatenga magawo 55 pa 100 alionse, Aitiyopiya 45. Pa 1 Disembala 2021 ndege yoyamba, ya mtundu wa Dash 8-400, inanyamuka ku Lusaka kubwera kuno ku Ndola.

Wina angafunse kuti bwanji osangowapatsa alendowo kampani yonse, poti ndiwo odziwa. Yankho lili m'mapangano a pakati pa mayiko. Ufulu wouluka kuchoka dziko lina kupita lina ndi wa maboma, osati wa makampani. Maboma awiri amasainirana kuti ndege zingati zizitera pa sabata, ndipo boma lililonse limasankha kampani yoti igwiritse ntchito ufuluwo. Kawirikawiri mapanganowa amafuna kuti kampani yosankhidwayo ikhale m'manja mwa eni dziko. N'chifukwa chake ku Malawi nakonso, Air Malawi itatha mu 2013, boma linasunga magawo 51 ndipo Ethiopian inatenga 49, ndege n'kuyamba kuuluka mu Januwale 2014. Ife timabweretsa mbendera ndi ufulu wouluka. Iwo amabweretsa ndege, luso ndi akatswiri.

Aitiyopiya sachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Bizinesi yawo ndi yosonkhanitsa anthu kuchokera m'mizinda yambiri ya mu Africa, kuwafikitsa pa bwalo la Bole ku Addis Ababa, n'kuwadzaza m'ndege zikuluzikulu zopita ku China, ku Ulaya ndi ku America. Ku Togo anachita chimodzimodzi ndi kampani ya ASKY kuyambira 2010. Pamene sizinayende, monga ku Mozambique, anatseka kampani yawo mu 2021 itangotha zaka zosakwana zitatu. Mlamu wanga amagulitsa zovala pa msika wa Chisokone ku Kitwe, ndipo akamawerengera ulendo wake wokaoda katundu, chachikulu ndi tikiti. Pa tikitiyo, mbali yonona ndi ya ulendo wautali wochoka ku Addis Ababa, ndipo ndalama imeneyo sibwerera kuno. Kwathu kumatsala ndalama zolipirira bwalo, misonkho ndi malipiro a antchito apansi.

Sindikunena kuti tikagule DC-10 ina kuti tizinyadira. Dziko limene mu 2020 linalephera kubweza ngongole zake panthawi yake silingatenge ndalama za mankhwala ndi mabuku n'kuzithira m'ndege zopita ku London zopanda anthu. Mgwirizano ndi wofunika. Chimene chimandikhudza ndi choti mgwirizanowo utisiyira chiyani.

Pamenepa mphunzitsi wabwino ndi Ethiopia yemweyo. Kampani yawo inayamba kuuluka mu 1946 ikuyendetsedwa ndi TWA ya ku America. Oyendetsa ndege ndi mabwana oyamba anali Aamerika. Koma Aitiyopiya anaumirira kuti anthu awo aziphunzira ndi kulowa m'mipandoyo pang'onopang'ono. Anamanga sukulu yawoyawo ndi malo okonzera ndege. Mu 1971 mwana wa dziko lawo anakhala mkulu wa kampani, ndipo mu 1975 pangano ndi TWA linatha. Lero TWA kulibe, koma Ethiopian ndiyo kampani ya ndege yaikulu kuposa zonse mu Africa, ndipo ikadali ya boma lawo. Ife tinali ndi Alitalia ndi Aer Lingus, tinaphunzitsa anthu, koma tinalephera kusunga kampani yoti anthuwo agwiremo ntchito.

Choncho aphungu athu akamakambirana za Zambia Airways, ndikufuna kumva mafunso awa. Pa oyendetsa ndege ndi amakaniko, Azambia ndi angati, ndipo chiwerengero chawo chikukwera? Achinyamata omaliza maphunziro pa sukulu ya za ndege ya ZASTI ku Lusaka akupeza malo? Ndi ntchito ziti zokonza ndege zimene zingachitikire kuno m'malo mwa Addis Ababa? Malipoti a chuma cha kampaniyi akusindikizidwa chaka ndi chaka kuti aliyense awerenge? Ndipo Ndola, pokhala pakati pa migodi ya kuno, ya ku Solwezi ndi ya ku Congo, ikuganiziridwa pokonza maulendo a ku Lubumbashi, Dar es Salaam ndi Lilongwe?

Magawo 55 aja si a nduna kapena a bungwe. Ndi a mphunzitsi wa ku Chifubu ndi wogulitsa tomato ku Masala, anthu amene mwina sadzakwerapo ndege koma amalipira msonkho. Mwini chinthu ali ndi ufulu wofunsa mmene chikuyendera, ndipo nthawi yofunsa ndi ino, mlendo akadali pakhomo.