Bere Lokha kwa Miyezi Isanu ndi Umodzi

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba zambiri m'boma la Mulanje, ndipo mabanja adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Zitsime zidadzaza matope, zimbudzi zidagwa, pamene kolera yomwe idabuka m'dziko muno mu 2022 inali isanatheretu. Pamalo otere, kodi khanda la miyezi iwiri lingamwe chiyani osadwala? Yankho ndi limodzi: bere la mayi wake. Mkaka wa m'mawere susowa nkhuni, botolo kapena madzi osungunulira. Zomwe zidaoneka poyera m'misasa muja n'zoona ngakhale pa masiku a mtendere.

Mabungwe a WHO ndi UNICEF, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, amalangiza zinthu zitatu. Mwana aikidwe kubere lisanathe ola limodzi chibadwire. Ayamwe bere lokha, mwakathithi, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kenaka ayambe kulandira phala ndi zakudya zina, koma apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Tiyambe ndi mwanayo. Mkaka woyamba, wachikasu ndi wokhuthala uja, ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa. Kumeneko n'kutaya mankhwala, chifukwa m'menemo ndi momwe muli chitetezo chochuluka chomwe thupi la mayi limapatsira mwana polimbana ndi tizilombo. N'chifukwa chake achipatala amautcha katemera woyamba. Mwana woyamwa bere lokha sadwaladwala matenda otsegula m'mimba ndi chibayo, omwe ali m'gulu la matenda opha ana ambiri kuno kwathu.

Nanga madzi? M'mwezi wa Okotobala dzuwa likaswa mtengo, agogo amamvera chisoni mdzukulu ndi kumumwetsa timadzi, tiyi kapena phala lamadzimadzi. Cholinga n'chabwino, koma zotsatira zake n'zoopsa. Magawo oposa 80 pa 100 a mkaka wa m'mawere ndi madzi, choncho ludzu la khanda limathera kubere. Madzi a pachitsime angalowetse tizilombo m'mimba yosakhwima. Komanso kamimba ka khanda n'kakang'ono: kakadzaza phala, mwana sayamwa mokwanira. Tsono bere limapanga mkaka molingana ndi momwe mwana akuyamwira. Akayamwa pafupipafupi mkaka umachuluka, akachepetsa nawonso umachepa. Mayi amayamba kudandaula kuti mkaka sukutuluka, osadziwa kuti phala lija ndilo lauphwetsa.

Mayi nayenso amapindula. Mwana akayamba kuyamwa atangobadwa, chiberekero chimabwerera msanga m'malo mwake ndipo mayi sataya magazi ambiri. Amayi amene ayamwitsa nthawi yaitali chiopsezo chawo cha khansa ya m'mawere chimachepa. Kuyamwitsa kumathandizanso kuti ana abadwe motalikirana mwachilengedwe, koma pokhapokha zinthu zitatu izi zilipo pamodzi: mwana sanakwane miyezi isanu ndi umodzi, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Chimodzi chikasowa, banja lisadalirenso njira imeneyi.

Ena amafunsa za mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV. Mu 2011 dziko la Malawi lidakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka. Mayi akamamwa mankhwala mokhulupirika, mwayi wopatsira mwana umachepa kwambiri, ndipo amalangizidwa kuyamwitsa ndithu. Choopsa ndi kusakaniza bere ndi zakudya zina m'miyezi yoyamba ija.

Phindu limafikanso kwa banja lonse ndi dziko. Mkaka wa m'chitini ndi wokwera mtengo, ndipo ndalama zikachepa anthu amausungunula ndi madzi ambiri kuti ukhalitse, mwana nkumanyentchera. Poona ngozi zotere, mu 1981 maiko adagwirizana malamulo oletsa kutsatsa mkaka umenewu monyengerera amayi. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2016 adaonetsa kuti ana oposa 800,000 akadapulumuka chaka chilichonse pa dziko lapansi amayi pafupifupi onse akadayamwitsa moyenera. Mwana akapanda kudwala, makolo sajomba kumunda ndipo ndalama yokwerera kabaza kupita kuchipatala imagula sopo ndi mchere.

Komabe kulangiza n'kosavuta, kuchita ndiye ntchito. Taganizani za mayi wothyola tiyi m'maesiteti a m'munsi mwa phiri la Mulanje, kapena wogulitsa nanazi ndi nthochi pamsika wa Limbuli. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu, pamene miyezi isanu ndi umodzi ndi masabata 26. Wageni ndi waganyu alibe n'komwe tchuthi. Mayi wotere akhoza kufinyira mkaka wake m'kapu yoyera yovundikira kuti wolera mwana amumwetse, ndipo azaumoyo kusikelo amaphunzitsa kachitidwe kake. Koma afunika womuthandiza: bambo wotunga madzi ndi kuwaza nkhuni, agogo omvetsa chifukwa chake phala liyenera kudikira, ndi bwana wolola kuti mayi apume n'kuyamwitsa.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya amayi, anyamata siiwakhudza. Koma tonsefe tili ndi alongo, azilamu ndi azakhali amene akulera makanda. Popita ku tchuthi, tikaona khanda la miyezi itatu likupatsidwa phala, tifotokoze mwaulemu zomwe tawerengazi, ndipo tisenze ndife chidebe cha madzi kuti mayiyo akhale pansi ayamwitse. Paja akulu adati m'mera mpoyamba.