Liu la "entertain" silinena za magule cabe

Amene mwakhalitsa muno mu Livingstone mwalimva liu ili kambirimbiri. Alendo akabwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, mahotela amaitana anyamata a ng'oma ndi marimba kuti acite "entertain" alendowo. Ngakhale mu August 2013, pamene mzinda wathu pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ku Zimbabwe unalandira msonkhano waukulu wa bungwe la UNWTO loona za alendo oyendera maiko, magule anali mbali ya cikondwerero. Motero ambiri a ife tidziwa kuti liuli litanthauza kusangalatsa anthu.

Koma taonani zidziwitso zimene amakhoma ku kopaletivu kapena pa khomo la ofesi ya parishi. Pansi pa cidziwitso ca feteleza, ca malo a sukulu kapena ca nchito, kawirikawiri amalemba kuti mapempho ocedwa "will not be entertained". Apa palibe za ng'oma ai. Atanthauza kuti pepala lanu sadzalilandira, ngakhale kuliyang'ana komwe. Mlimi woganiza kuti awa ndi mau okometsera cabe, nabweretsa fomu yake tsiku litapita, adzaona mvula yoyamba ikugwa iye alibe thumba ngakhale limodzi. Ku khoti nakonso, woweruza akakana kucita "entertain" dandaulo lanu, ndiye kuti nkhaniyo sidzamvedwa.

Nanga liu limodzi lingakhale bwanji la ovina ndiponso la oweruza? Yankho lili ku ciyambi cake. Liuli linalowa m'Cingerezi m'zaka za m'ma 1400 kucokera ku liu la Cifalansa cakale lakuti "entretenir". Mizu yake iwiri ndi ya Cilatini: "inter", kutanthauza pakati, ndi "tenere", kugwira kapena kusunga. Poyamba linali kunena za kusunga munthu pakati panu, monga wanchito amene mumdyetsa ndi kumlipira, kapena mlendo amene mwampatsa mphasa. Inu a mpingo mungalipeze m'Baibulo la Cingerezi la King James la 1611, pa Ahebri 13:2, vesi ija ya kucereza alendo imene itikumbutsa za Abrahamu ku Mamre.

Tanthauzo la kusangalatsa linabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1600. N'zomveka, pakuti mlendo akadya nsima simumsiya ali duu. Mumamcezetsa ndi nthano ndi nyimbo. Tanthauzo la m'maofesi nalonso linacokera kwa mlendo yemweyo. Ganizo kapena pempho lili ngati munthu wogogoda pa citseko. Mukalipatsa mpando m'mutu mwanu, mwalicita "entertain". Mukakana, latsala panja.

Cinyanja cathu sicisokoneza zinthu zimenezi. Tili ndi kucereza, kusangalatsa ndi kulingalira, liu lililonse ndi nchito yake.

Tsono pempho lathu kwa alembi a makopaletivu ndi a makomiti a chalichi ndi lakuti cidziwitso cokhudza mbeu, ndalama kapena sukulu ya mwana cilembedwenso m'Citonga, m'Cilozi ndi m'Cinyanja, ndipo tsiku lotsekera lionekere bwino. Inunso alimi anzathu, mukaona liu ili pa cipupa, musangodutsa. Funsani mwana wa sukulu akuwerengereni, mudziwe tsiku lomaliza, ndipo pepala lanu lifike citseko cikali cotsegula.