Bulauzi Yofiira Ija Si Fashoni

Imani pamsewu mu George tsiku la maliro, muone lole yopita ku Chingwere. Kumbuyo kwadzaza bamayi a mayunifomu, ndipo mtundu uliwonse uli na tanthauzo.

Ba UCZ amati siketi yakuda ndi uchimo, bulauzi yofiira ndi magazi a Yesu, kolala na duku zoyera ndi mtima wosambitsidwa. Ba Dorcas a ku SDA, a buluu aja, dzina analitenga kwa mayi wa ku Yopa, pa Machitidwe 9, amene anali kusokera amasiye zovala.

Manje yunifomu simungogula ku Soweto n'kuvala. Amakuvekani mu chalichi, pamaso pa mpingo. Mukalakwa akhoza kukuletsani kuivala, ndipo komboni yonse imadziwa mukafika pamaliro na chitenje chabe.