ZA KUKONZA MALO A MASEWERA M'NYUMBA

Mwezi uno tifuna kunena za kanthu kooneka kakang'ono, koma kokhoza kumanga banja: ndiko kupatula malo a masewera m'nyumba mwathu. Pakuti nyumba yopanda cisangalalo ithawidwa ndi eni ace omwe. Dzuwa likapendeka bambo apita ku mowa, kumene kuli bawo ndi anzao. Anyamata atsata pambuyo. Ndipo mai atsala okha ndi makanda.

Ku England ndi ku America eni cuma apatula cipinda cathunthu, naikamo gome lija la mipira yogunda ndi ndodo, limene anyamata athu alicha pool. Ndodo yace italika pafupifupi mita 1.5, ndipo wosewera afuna danga lotere ku mbali zonse zinai. Cotero gome la mapazi 7 lifuna cipinda ca mamita 4 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali. Ambiri a ife tiribe cipinda cotero, koma tisade nkhawa. Fodya wako ndi uyo ali pa mphuno. Ngodya imodzi ya pa balaza, kapena mbali imodzi ya khonde, ikwanira.

Coyamba ndico kuwala. Sankhani ngodya ya pafupi ndi zenera, kuti kuwala kudzere cam'mbali. Pakuti kukadzera kumbuyo kwa wosewera, cithunzithunzi cace ciphimba thabwa. Pakani laimu ku makoma, popeza khoma loyera libweza kuwala, pamene lakuda likumeza. Usiku nyali ya sola ilendewere pamwamba peni peni pa gome.

Caciwiri ndico gome ndi mipando. Gome likhale lalifupi, lolekeza m'mabondo, kuti ana ndi akulu afikire pamodzi. Pansi pace yalani mkeka, kuti nthanga zikagwa zisagubuduke kulowa kuseri kwa kabati. Agogo muwaikire mpando wotsamira, ana akhale pa timipando kapena pa mkeka pomwepo. Ndipo ngati m'nyumba muli wailesi ya kanema, osewera aifulatire. Mutu umodzi sungatsate zinthu ziwiri.

Cacitatu ndico zosewerera. Bawo liri ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndi nthanga 64. Dzina lace licokera ku Ciswahili, m'mene bao ndilo thabwa. Mukauza mmisiri akusemereni, pemphani mlombwa, umene suopa ciswe msanga. Bawo lotere likhoza kufika kwa adzukulu, ndipo polipacika pa khoma likongoletsa nyumba koposa zithunzi zogula. Dirafuti lifuna thabwa la timabwalo 64 ndi zitsekerero za mabotolo 12 kwa munthu ali yense. Ludo, amene anakhazikitsidwa ku England m'caka ca 1896 kucokera ku masewera a ku India ochedwa pachisi, alola anthu anai nthawi imodzi, cotero atsikana ndi ang'ono satsalira.

Cacinai ndico kusunga. Khomani thabwa pa khoma, pamwamba posafika dzanja la mwana, ndipo nthanga ndi zitsekerero zikhale m'kathumba kapena m'cipanda cotseka. Ici ticinena molimbika: mwana wosakwana zaka 3 aika kanthu kali konse m'kamwa, ndipo nthanga imodzi ikhoza kumtsamwitsa.

Potsiriza, malo amenewa akhale ndi lamulo lace. Ndalama zisaikidwe pa gomelo ngakhale tambala imodzi, pakuti njuga ilowa m'nyumba mwa kuseka, nituluka ndi mbuzi za m'khola. Masewera ayambe nchito za sukulu ndi za ku dambwe la mbale zitatha, ndipo wogonja ayamike mnzace. Inu abambo, mulole mwana wanu akudyeni nthanga tsiku lina. Pamenepo adzamasuka kukuuzani zimene ziri mu mtima mwace.