Kuziziritsa Galimoto Yokalamba

Ku Texas, m'dziko la America, dzuwa la m'chilimwe limasandutsa galimoto ng'anjo. Mapikapu ambiri a Ford F-100 ndi Chevrolet C10 a zaka za m'ma 1960 anatuluka m'fakitale opanda makina oziziritsira mpweya. Tsono eni ake a lero, amene amawasunga ngati chuma, amachita kuikamo makinawo. Kampani ya Vintage Air ya ku San Antonio, imene inayamba mu 1976, imapanga zida za ntchito imeneyi.

Makinawa sapanga chisanu ayi, koma amasamutsa kutentha. Gasi woyenda m'mapaipi amayamwa kutentha kwa m'galimoto pansi pa dashibodi. Kompulesa, yozunguzidwa ndi lamba wa injini, imapanikiza gasiyo nimkankhira ku kondensa yomangidwa patsogolo pa rediyeta, kumene kutenthako kumatayidwa.

Apa ndiye pagona nkhani. Rediyeta yakale ija tsopano ikulandira mphepo yofunda kale, ndipo injini yasenzetsedwa katundu wina. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amayamba watsuka rediyeta, nalimbitsa fani, natseka mipata ya m'zitseko. Akapanda kutero, dalaivala amamva kuzizira kwinaku injini ikuwira, ulendo n'kuthera m'mphepete mwa msewu.