Kanyumba ka maloto: kumanga pang'onopang'ono koma molimba

Mwezi wa Julayi ukafika, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo fodya, soya ndi mtedza zitagulitsidwa, midzi yambiri ya ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi chigawo cha Tete ku Mozambique imasintha maonekedwe. M'mbali mwa madambo anyamata amakhala ali kalikiliki ndi zikombole, mauvuni amafuka usiku wonse, ndipo m'misewu mumadutsa njinga ndi ngolo zitasenza malata. Iyi ndi nyengo ya zomangamanga.

Zimene mabanja ambiri amalota si zazikulu: kanyumba ka zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza, khonde lopumirapo madzulo, denga losadontha ndi mtengo wa mango pabwalo. Komabe pafupifupi m'mudzi uliwonse muli nyumba imene inathera m'mazenera, udzu n'kumera m'kati mwake chifukwa ndalama zinatha. Zina zinatha bwinobwino, koma zinagwa usiku umodzi wa mvula, n'kupita ndi thukuta la zaka zisanu. Kawirikawiri chimene chimasiyanitsa nyumba zoterezi ndi zimene zimakhalitsa si kuchuluka kwa ndalama kokha, koma pamene ndalama zochepazo zinaikidwa.

Phunziro la mvula ndi chivomerezi

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 ku Malawi anapeza kuti nyumba yoposa imodzi mwa zitatu zilizonse inali ya dothi yofolera ndi udzu. Kufuna nyumba yabwinoko ndi khumbo la mabanja mamiliyoni, koma ngozi za m'zaka zapitazi zaonetsa kuti njerwa zowotcha ndi malata pazokha si chitetezo.

Mu Disembala 2009 zivomerezi zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, ndipo zambiri mwa izo zinali za njerwa zowotcha zomangidwa ndi matope, zopanda chomangirira makoma pamwamba. Izi zinachititsa boma ndi mabungwe kutulutsa buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba mu 2010. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira ku Mozambique, dera la Chimanimani ku Zimbabwe ndi kum'mwera kwa Malawi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 650,000 ku Malawi, ndipo ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba pamodzi ndi eni ake.

Ngozi zimenezi zimaphunzitsa chinthu chimodzi: nyumba imagonja pamalo atatu. Madzi amailowera kumaziko, chivomerezi chimaing'amba m'makona, ndipo mphepo imaisasula denga. Banja la ndalama zochepa liyenera kuika mphamvu zake pamalo atatuwa, zina zonse zikhoza kudikira.

Malo ayambe alongosoka

Njerwa isanaumbidwe, funso loyamba ndi la malo. Puloti yotsika mtengo ya m'dambo, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phiri lopanda mitengo imadzalipiritsa mwini wake kawiri. Akuluakulu a m'mudzi amadziwa pamene madzi anafika m'zaka za mvula yambiri, ndipo kuwafunsa sikulira ndalama.

Funso lachiwiri ndi la umwini. Ku Malawi lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo a banja m'kaundula, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ngakhale zili choncho, amayi ambiri a ku chitengwa ndi abambo a ku chikamwini amatulutsidwabe m'nyumba zimene anazivutikira, ukwati ukatha kapena mnzawo akamwalira. N'chifukwa chake nkhani ya mwini nyumba iyenera kukambidwa poyera, pamaso pa ankhoswe ndi mfumu, n'kulembedwa papepala maziko asanakumbidwe.

Kuyamba ndi zipinda ziwiri

Nyumba zambiri zosatha zinayamba ndi pulani yaikulu kuposa thumba. Njira yabwino ndiyo kujambula nyumba yonse imene banja likufuna, koma n'kumanga chigawo chimodzi chokha, monga chipinda chogona ndi pabalaza, kuchifolera ndi kulowamo. Mmisiri wodziwa ntchito amasiya polumikizira makoma a mtsogolo ndipo amakonza denga moti lidzapitirizidwe popanda kugumula. Nyumba ya makona anayi okha imadya njerwa, matabwa ndi malata ochepa kuposa ya makona ambiri, ndiponso imalimba kuposa inzakeyo.

Kagulidwe ka zipangizo nako kamafuna nzeru. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama za malata m'nyumba anapeza kuti sizikugulanso malata amene anawerengera. Alimi ambiri tsopano amasunga chuma chawo m'zipangizo: malata chaka chino, mafelemu a zitseko ndi mazenera chaka chamawa. Simenti yokha ndiyo yosayenera kugulidwa msanga, chifukwa imakoka chinyezi ndipo ikakhala miyezi yoposa itatu imayamba kuchepa mphamvu. Igulidwe ntchito ikayandikira, ndipo isanjidwe pa matabwa, kutali ndi khoma.

Dothi si chizindikiro cha umphawi

Anthu ambiri amaona ngati nyumba yeniyeni ndi ya njerwa zowotcha basi. Koma uvuni umodzi umadya mitengo yambiri yaikuluikulu, ndipo nkhuni zakwera mtengo pamene nkhalango zikutha. Mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council linaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Ngakhale mabanja a m'midzi akuwotchabe njerwa, pali njira zina zotsika mtengo.

Yoyamba ndi zidina, njerwa zoumitsidwa padzuwa. Yachiwiri ndi mdindo, umene anthu a m'chigawo chapakati cha Malawi akhala akumanga kuyambira kale: dothi lonyowa pang'ono limathiridwa pakati pa matabwa awiri n'kusinjidwa mpaka kulimba. Dziko la Zimbabwe linakhazikitsa malamulo a kamangidwe ka mdindo mu 2001, ndipo pambuyo pake anavomerezedwa kuti azigwira ntchito m'maiko a SADC. Yachitatu ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina a manja. Izi sizifuna nkhuni, koma ziyenera kufundikidwa ndi kuthiriridwa madzi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo zimafika polimba kwenikweni pakatha masiku 28.

Pofuna kudziwa ngati dothi lili loyenera, limaikidwa m'botolo la madzi, n'kukhutchumulidwa, kenako n'kusiyidwa usiku wonse. Mchenga umakhala pansi, dongo pamwamba. Dothi labwino limakhala ndi mchenga wambiri ndi dongo lokwanira kuugwirizanitsa. Dongo likachuluka, njerwa imang'aluka pouma, ndipo dothi lakuda la pamwamba la m'munda siliyenera konse. Khoma la dothi lili ndi ubwino wina umene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amaudziwa: limachedwa kutentha masana. Mdani wake wamkulu ndi madzi.

Posayenera kuumira

Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, ndipo amangidwe ndi miyala kapena njerwa zolimba pogwiritsa ntchito simenti, muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 6 ya mchenga. Akwezedwe masentimita osachepera 30 pamwamba pa nthaka, kapena kuposa apo kumadera a madzi osefukira, ndipo pamwamba pake payalidwe pepala lakuda la pulasitiki loletsa chinyezi kukwera m'khoma. Kuzungulira nyumba pakhale chiundo chotsetsereka ndi ngalande yopatutsa madzi.

Pamwamba pa zitseko ndi mazenera pafunika lintala yozungulira nyumba yonse, ya konkire ndi zitsulo, kapena ya matabwa olumikizidwa bwino ngati ndalama zavuta. Imeneyi ndiyo imagwira makoma anayi kuti asapatukane nthaka ikagwedezeka. Zitseko ndi mazenera zisayandikire kwambiri pakona.

Denga limangidwe ndi waya wozikika m'lintala kapena m'mizere ingapo ya njerwa, osati kungotsinjiza malata ndi miyala. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Litulukire kunja pafupifupi theka la mita kuti mvula isamenye khoma, ndipo denga la khonde likhale lapadera kuti mphepo ikalinyamula isatengere limodzi la nyumba yonse. Pogula malata, nambala ya geji ikakhala yaing'ono ndiye kuti lata ndi lochindikala: la geji 28 limaposa la geji 32. Matabwa apakidwe mankhwala a chiswe asanakwezedwe.

Mutu umodzi susenza denga

Banja limodzi silingagule makina oumbira njerwa, koma gulu la banki m'khonde likhoza kuwabwereka, mamembala n'kumaumbirana mosinthana. Chitsanzo chodziwika ndi cha gulu la anthu osowa nyumba, ambiri mwa iwo amayi, limene linayamba kusunga ndalama pang'onopang'ono mothandizidwa ndi bungwe la CCODE kuyambira mu 2003. Gululi linakhazikitsa thumba la ngongole lotchedwa Mchenga, ndipo khonsolo ya mzinda wa Lilongwe italipatsa mapuloti oposa 200 ku Area 49, mamembala anaumba okha zidina n'kumanga nyumba zawo. Bungwe la Habitat for Humanity nalo lakhala likugwira ntchito ya nyumba ku Malawi kuyambira mu 1986.

Ngongole imafuna kusamala. Nyumba yogonamo sibweza ndalama ngati mmene imachitira bizinesi, choncho katapila wotengedwa kuti denga lithe msanga akhoza kulanditsa munda. Ndi bwinonso kugwirizana ndi mmisiri pa mtengo wa gawo lililonse, maziko, makoma ndi denga, n'kumalipira gawo likatha.

Kukoma kwa pakhomo

Zimene zimachititsa nyumba kukhala yosangalatsa n'zotsika mtengo kuposa zonse. Mazenera oyang'anizana amadutsitsa mphepo. Siling'i ya mphasa kapena nsungwi imachepetsa kutentha ndi phokoso la mvula pa malata. Kutseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga ndi kuika sefa m'mazenera kumatsekereza udzudzu wa malungo, umene umakonda kulowera pamenepo. Pansi pozira bwino pakhoza kudikira simenti kwa zaka, ndipo laimu kapena dothi la mitundu limakongoletsa khoma monga amachitira amayi m'midzi yambiri. Khitchini ya chitetezo mbaula, bafa, chimbudzi chokhala kutali ndi chitsime, thandala la mbale ndi mitengo ya zipatso yotchinga mphepo zimamaliza pakhomo.

Alangizi ndi atsogoleri a magulu ali ndi mwayi waukulu m'miyezi ya Meyi ndi Juni, ndalama za zokolola zisanagawidwe. Kukhala pansi ndi banja, kujambula nyumba pa mchenga ndi kuwerengera limodzi zimene zingatheke chaka chimenecho kungapulumutse thukuta la zaka zambiri. Banja limene lalowa m'zipinda ziwiri za maziko okwera ndi denga lomangidwa bwino limagona tulo mvula ya Januwale ikamagwa, ndipo chipinda chachitatu chimadikira zokolola zina.